Anthu akufuna kudzaona nyumba yathu, titsegule geti kapena tikane?

Funso: "Ine ndi bambo a kunyumba tinamaliza kumanga chaka chatha cha ku Likhubula kuno ku Mulanje. Poti malo athu ndi otsetsereka, tinalemba katswiri wojambula mapulani, uja amati architect, ndipo anatijambulira nyumba ya mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti, ya khonde lalikulu, ndi chipinda chimodzi cham'mwamba choyang'ana kuphiri. Chimalizireni anthu sakuleka kuima pageti kupempha kuti aone. Tsopano katswiri uja wapempha kuti titsegule tsiku limodzi, kubwere ophunzira za zomangamanga ndi anthu ofuna kumanga, onse pamodzi mwina 60. Bambo akuopa kuti ena adzabwera kudzazonda, ine ndikuopa kuti anthu adzati tikudzionetsera. Chinanso, khoma limodzi lachita chinyezi ndi mvula yapitayi. Tivomere? Ngati tivomera, tikonzekere bwanji?" Mayi wa ku Likhubula.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Pempho la katswiriyo si lachilendo, ndipo nkhawa zanu ziwirizo n'zomveka. Ku London mwambo wotsegula nyumba kuti anthu aone mamangidwe ake unayamba mu 1992, umatchedwa Open House, ndipo chaka ndi chaka mu Seputembala nyumba mazanamazana, za boma ndi za anthu wamba zomwe, zimalandira alendo kwaulere. Mizinda ina yambiri inatengera mwambowu. Kwathu kuno nyumba zimene munthu angalowe n'kuona mamangidwe ndi zija zinasanduka malo a alendo, monga Huntingdon House pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo, kapena Mandala House ku Blantyre imene inamangidwa mu 1882. Koma kumeneko kuli antchito ndi alonda amene kulandira alendo ndiyo ntchito yawo. Yanu ndi nyumba yogonamo inu ndi ana. Choncho ine ndikuti vomerani, koma malire ake muike ndinu.

Ndikukulimbikitsani kuvomera makamaka chifukwa cha madzi. Aliyense wa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo akukumbukira zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo akuluakulu sanaiwale napolo wa ku Phalombe wa 1991. Komabe anthu akupitiriza kumanga m'mitsetse ndi pulani yobwereka kwa mlamu wawo wa ku Lilongwe, yojambulidwira malo athyathyathya. Munthu wotero mungamuuze za ngalande mpaka kukamwa kuuma, sangamve ngati mmene angamvere ataima pa ngalande yanu n'kuona kumene madzi amalowera. Anthu ambiri satha kuwerenga pepala la pulani, koma khoma akaligwira ndi dzanja amamvetsa.

Tiyambe ndi nkhawa ya bambo, poti ndi imene ingakuvulazeni. Wakuba wobwera ngati mlendo alibe nazo ntchito denga ndi mabuloko. Maso ake amakhala pa kumene kuli mabatire a sola, chimene chimatseka chitseko cha kuseri, pamene pamakhala mlonda, kuchuluka kwa agalu, ndi zenera lopanda zitsulo. Mankhwala ake oyamba ndi akuti pasalowe munthu wosalembedwa. Aliyense alembetse kwa katswiriyo sabata imodzi tsikulo lisanafike, dzina ndi nambala ya foni, ndipo pageti aonetse chiphaso cha unzika. Ngati ophunzirawo ndi a ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, kapena sukulu ina iliyonse, mphunzitsi wawo alembe kalata ya mayina ndipo abwere nawo yekha. Pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp musalongosole njira ya kwanu. Olembetsa auzidwe malo okumanirana, monga pa Chitakale kapena pamsika wa Likhubula, wina adzikawatenga pamenepo.

Chachiwiri ndi kukula kwa gulu. Anthu 8 pa gulu limodzi akwana, ndipo gulu lililonse likhale ndi owaperekeza awiri. Wina atsogole ndi kulongosola, wina atsalire kumbuyo, ntchito yake ikhale kuwerenga mitu ndi kutseka zitseko. Zinthu zimasowa pamene wolongosola watembenukira kukhoma ndipo mlendo wina watsalira m'chipinda "kuti ajambule". Tawerengerani nthawi. Anthu 60 ndi magulu 8. Gulu lililonse likatenga mphindi 40, kuwonjezerapo mphindi 10 zopumira, ndiye maola 6 ndi mphindi 40 opanda nkhomaliro. Pofika gulu lachisanu ndi chimodzi mawu atha, maso atopa, ndipo kusamala kwachepa. Muuzeni katswiriyo kuti mulandira anthu 40, magulu 5, kuyambira 9 koloko m'mawa, n'kutseka geti isanakwane 3 koloko. Otsalawo adikire ulendo wina.

Njira yoyendamo muijambule papepala ndipo isasinthe. Kuchipinda kwanu ndi kwa ana kukiyidwe. Mwambo wathu womwe sulola mlendo kuchipinda, palibe amene angakudandauleni. Kumene kuli mabatire ndi inveta, ku sitolo ndi kosungira makiyi nakonso kutsekedwe. Chotsani laputopu, mafoni, machaja, mankhwala, makalata a banki, mayunifolomu a ana osonyeza sukulu yawo, ndi kalendala yolembedwa masiku amene mukhale kulibe. Makiyi onse achoke pazitseko, poti kiyi wojambulidwa bwino pafoni akhoza kudulitsidwa. Kujambula kuloledwe panja ndi pabalaza pokha. Ngati katswiriyo akufuna kupachika pulani kuti anthu aone, ikhale yosalemba kuti chipinda ichi amagona ndani, ndipo isagawidwe. Dziwitsani a chitetezo cha m'mudzi, ndipo mlonda awonjezere tcheru kwa masabata angapo pambuyo pake.

Nkhawa yanu ya kudzionetsera musaitenge mopepuka. Nsanje imabadwa pamene anthu a pamudzi aona magalimoto a ku Blantyre atandandalika pageti, iwo osadziwa kanthu, atakanizidwa kulowa chaka chonse. Pitani kwa amfumu nokha, inu ndi bambo, sabata ziwiri tsikulo lisanafike, mukalongosole kuti kubwera alendo odzaphunzira mamangidwe. Gulu loyamba la m'mawa likhale la aneba ndi akuluakulu a pamudzi. Kenaka itanani amisiri amene anamanga, woumba mabuloko, kalipentala, wowotcherera zitsulo, aime pa ntchito yawo n'kulongosola okha. Tsikulo likakhala la amisiri, pakamwa pa anthu pamachoka dzina lanu, ndipo amisiriwo amapezerapo ntchito zina.

Funso lakuti "inadya zingati?" lidzabwera m'gulu lililonse. Musatchule ndalama. Kutchula mamiliyoni pagulu n'kuitana akuba, komanso sikuthandiza wofunsayo, chifukwa kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mitengo ya simenti ndi malata siikhazikika. Yankhani ndi kuchuluka kwa zipangizo: matumba a simenti angati, mabuloko angati, malata angati a geji yanji, miyezi ingati. Katswiriyo ali nawo mndandanda umenewu, ndipo munthu akhoza kupita nawo kusitolo n'kuwerengera yekha pa mitengo ya lero.

Pali ngozi ina imene simunaitchule, ndipo ine ndi imene ndikuiopa kwambiri: chipinda cham'mwamba chija. Pansi pa chipinda chogona injiniya amawerengera kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita iliyonse, kapena kuti akuluakulu awiri. Malo osonkhaniramo anthu amawerengeredwa pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Tsono alendo akangoona phiri onse amathamangira mbali imodzi, n'kutsamira chotchingira cha m'mphepete, choteteza kuti munthu asagwe, kuti ajambulidwe. Pemphani injiniya amene anawerengera zitsulo za nyumbayo akulembereni kuti pamwambapo pangaime anthu angati nthawi imodzi, ndipo woperekeza wa kumbuyo aime pansi pa masitepe n'kumawerenga okwera. Chotchingira chikhale chotalika mita imodzi kapena kuposa, mipata yake isapose masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo muchigwedeze ndi mphamvu dzulo lake. Chikasuntha ngakhale pang'ono, m'mwambamo musakwere munthu. Mangani chingwe m'mphepete mwa khoma lotchinga dothi, ikani chizindikiro pa chivindikiro cha sepitiki thanki, agalu atsekeredwe. Ana aang'ono ine ndingati asabwere.

Zina ndi zazing'ono koma zimawononga tsiku. Sepitiki thanki yanu inayezedwera banja limodzi, ndiye alendo agwiritse chimbudzi cha panja, pakhale ndowa ya madzi ndi sopo. Dothi lofiira la kwanuko likalowa m'mizere ya matailosi silituluka msanga, choncho nsapato zitsale pakhonde, kapena yalani mikeka m'njira yonse. Galimoto isaime pamwamba pa dzenje lomwera madzi oipa kapena pafupi ndi m'mphepete mwa khoma lotchinga dothi, chifukwa kulemera kwa minibasi kumakankha khomalo. Chakudya musadzivutitse nacho. Tiyi, madzi akumwa ndi chinanazi chodula pakhonde zakwana, ndipo mtengo wake ugwere katswiriyo, poti mwini pempho ndi iye.

Tsiku labwino ndi Loweruka la kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewu ndi matope. M'miyezi yozizira chiperoni chimatha kutseka phiri masiku angapo, masitepe a panja n'kumaterera. Mu Julayi ku Likhubula kumakhala mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race, ndipo mu Okutobala kuli Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, masiku amene misewu imadzaza ndi anthu osadziwika. Chovuta chake n'chakuti nyumba ya ku Mulanje imaoneka nzeru zake mvula ikamagwa, pamene alendo adzaiona kuli gwa. Ngati muli ndi kanema wa pafoni wa ngalande zikusefukira mu Febuluwale, muwaonetse, ndi wamtengo wapatali kuposa mawu a wina aliyense tsiku limenelo.

Ulendowo uyambire panja, kumtunda kwa nyumba, pa ngalande imene imadula madzi ochokera kuphiri asanafike pamaziko. Alendo aone kuya kwake, kumene imapendekera ndi kumene imakatayira, poti kutayira madzi pa puloti ya mnzako ndi mlandu wa kwa amfumu. Kenaka ayang'ane denga n'kuchita samu iyi: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 150 likalandira mvula ya mamilimita 50, imene ku Mulanje imagwa masana amodzi, limatsitsa malita 7,500, kapena kuti migolo 37 ya malita 200 ndi theka. Munthu akamva zimenezi amasiya kuona ngalande za padenga ngati zokongoletsera. Aonenso kuti denga latuluka bwanji kupitirira khoma. Masentimita 60 ndi poyambira, ndipo pa mabuloko a dothi kuposerapo n'kwabwino, chifukwa mabulokowa ndi olimba akakhala ouma koma mvula yowomba pakhoma chaka ndi chaka imawadya. Awerame aone mzere wa pulasitiki wakuda wotchinga chinyezi, uja amisiri amati DPC, umene uyenera kukhala masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa dothi. Pa khoma lotchinga dothi afunefune timabowo totulutsira madzi. Makoma otere amagwa kawirikawiri chifukwa cha madzi odzadza kuseri kwake amene asowa potulukira.

M'nyumba nkhani ikhale ya dzuwa ndi mphepo. Mulanje ili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa ikweta. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye mawindo oyang'ana kumpoto amalowetsa kutentha nthawi imene tikukufuna. Kumayambiriro kwa Novembala limadutsa pamutu penipeni, ndipo denga lotulukira lija limaphimba mawindo omwewo. Lovuta ndi dzuwa la kumadzulo, limene limalowa chopingasa n'kuwotcha chipinda mpaka usiku, n'chifukwa chake katswiri wabwino amachepetsa mawindo mbali imeneyo kapena kuikako khonde. Tsegulani mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana alendo amve mphepo ikudutsa pakhungu pawo. Wina adzafunsa za matabwa ndi chiswe, ndipo dzina la mkungudza lidzatuluka, poti nyumba zakale ndi tinyumba ta alendo ta pamwamba pa phiri zinamangidwa ndi mtengowu chifukwa chiswe sichiudya. Yankho likhale lomveka: mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, kuudula n'koletsedwa, ndipo paini wothiridwa mankhwala amagwira ntchito ngati matabwawo sakhudza dothi.

Tsopano khoma la chinyezi lija. Musalipake penti kuti mubise, makamaka penti ya mafuta, chifukwa imatsekera madzi m'kati ndipo pakatha miyezi yochepa imatupa n'kusendeka. Choyamba pezani kumene madziwo akuchokera, ndipo maonekedwe a banga ndi amene amanena. Ngati chinyezi chili m'munsi, kuyambira pansi kukwera osapitirira mita imodzi, ndi ufa woyera ngati mchere, madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Kawirikawiri wina anaunjika dothi la maluwa kupitirira DPC, kapena pulasitala anatsika mpaka pansi n'kukhala mlatho wa madzi. Fukulani dothilo, dulani pulasitala pamzerewo. Ngati banga lili pakati pa khoma loyang'ana kumene mvula imawombera, ndipo limakula mvula ikagwa n'kuchepa kukacha, vuto ndi matope a pakati pa mabuloko kapena denga lofupika. Ngati likuyambira m'mwamba n'kumatsika, kwerani mukaone ngalande ya padenga yodzadza masamba kapena msomali wa malata wotayikira. Ngati khomalo latsamira dothi la kumtunda, madzi akudutsa kuchokera kuseri, ndipo imeneyo ndi ntchito yokumba, yoika miyala ndi paipi, yofuna injiniya.

Pali mtundu wina umene umanamiza ambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo: timadontho takuda ta chuku kuseri kwa wadiropu kapena m'makona, nthawi ya chiperoni. Amenewo si madzi a mvula, ndi mpweya wonyowa wa m'nyumba umene ukusanduka madzi pakhoma lozizira. Kuti musiyanitse, matani pepala la pulasitiki la masentimita 30 mbali zonse pakhomapo, mutseke m'mbali monse ndi tepi, mudikire masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, vuto ndi mpweya, ndiye sunthani mipando ichoke kukhoma ndi kumatsegula mawindo masana. Akakhala kunsi kwake, madzi akuchokera m'khoma. Onaninso pangano lanu ndi kontrakitala. Mapangano ambiri amapereka miyezi 6 kapena 12 yoti womanga akonze zolakwika ndi ndalama zake, choncho mulembereni kalata nthawiyo isanathe. Chifukwa chake chikadziwika, khomalo lionetseni kwa alendo, katswiriyo alongosole chimene chinachitika ndi mmene mukukonzera. Ophunzira adzapindula napo kuposa pena paliponse m'nyumbamo. Katswiri amene akukana kuti lionetsedwe mumufunse bwino cholinga cha tsikulo.

Koma pali zizindikiro zimene zikaoneka tsikulo liimitsidwe ndipo injiniya abwere msanga. Mng'alu wotsata mizere ya mabuloko ngati masitepe, wokula mamilimita 3 kapena kuposa, kapena umene ukukulirakulira mukauyeza ndi kulemba deti pambali pake mwezi ndi mwezi. Zitseko zimene zinkatseka bwino n'kuyamba kukana. Khoma lotchinga dothi lopendekera kapena lotupa pamimba. Ming'alu ya m'nthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo yoyamba kuwerama, kapena kasupe wotumphuka pamene panalibe. Zimenezi m'mphepete mwa phiri si zodikira nazo chilimwe, ndipo ngati nthaka ya kumtunda ikusuntha dziwitsaninso amfumu ndi a khonsolo ya boma, chifukwa zikukhudza aneba a kumunsi.

Musanapereke yankho, lemberanani ndi katswiriyo tsamba limodzi. Lilembe chiwerengero cha anthu, zipinda zotsekedwa, amene alipire tiyi ndi mlonda wowonjezera, amene akonze chikawonongeka chinthu, ndiponso ngati zithunzi za nyumba yanu zingaikidwe pa intaneti, ndi dzina la malo kapena ayi. Ngati nyumbayo ili pa inshulansi, imbirani kampaniyo. Mapangano ambiri amalipira kuba kothyola kokha, osati katundu wotengedwa ndi munthu amene munamulowetsa nokha, ndipo mufunsenso za mlendo wovulala. Kulipiritsa pageti ine sindikulangizani, chifukwa wolipira amadzimva kuti ali ndi ufulu wotsegula chitseko chilichonse, ndipo tsikulo limasanduka bizinesi.

Ena adzakukokerani pambali kupempha fotokope ya pulani. Kanani mwaulemu. Mapulani ndi ntchito yotetezedwa ndi lamulo la Copyright la 2016, loteteza umwini wa zimene munthu walemba kapena kujambula, ndipo mwachizolowezi mwini nyumba amalipira kuti amangire pa malo ake okhawo. Kuposa za lamulozo, maziko a nyumba yanu anawerengeredwa dothi lanu ndi kutsetsereka kwa malo anu. Pulani yomweyo pa dothi la makande la ku chigwa cha Phalombe ikhoza kung'aluka chaka chachiwiri, ndipo khonde lanu likatembenuzidwa kuti liyang'ane msewu, mawindo aja a kumpoto akhoza kuthera kumadzulo. Auzeni apeze katswiri wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira akatswiri otere la Board of Architects and Quantity Surveyors, akaone malo awo ndi maso asanajambule kanthu.

Ngati bambo mtima wawo sunakhazikikebe mutakambirana zonsezi, musawakakamize. Yambani ndi ophunzira 10 ndi mphunzitsi wawo, ulendo wa panja ndi pabalaza pokha, maola awiri. Zambiri zofunika kuona, ngalande, denga, DPC ndi khoma lotchinga dothi, zili panja kale. Gulu lomaliza likangotuluka, inu ndi bambo muzungulire nyumba yonse kusanade, muyese zotsekera za mawindo limodzi ndi limodzi, makamaka la kubafa ndi la kukhitchini amene munthu angawasiye otsegula mwadala, muwerenge makiyi, ndipo mndandanda wa mayina uja muusunge kwa miyezi itatu.